Kumanga siteshoni ya sitima m'mwamba: zoyenera kuwerengera m'chigwa cha Shire

Munthu wa ku Makhanga kapena kwa Nyachikadza safunika kumuphunzitsa chifukwa chimene nkhokwe imakhalira pa miyendo. Madzi amadutsa pansi, chimanga n'kutsala chouma. Nzeru yomweyi ndi imene ili pa masiteshoni a sitima za m'mizinda ngati New York ndi Chicago, amene anakhazikidwa pa nsanamira pamwamba pa misewu, kungoti kumeneko zodutsa pansi ndi magalimoto ndi anthu. Kuno kwathu kulibe sitima za mumzinda zoterezi, ndipo Nchalo kapena Nsanje sizidzazifuna posachedwapa. Koma njanji ilimo m'chigwa muno, ndipo madzi akhala akuidula kambirimbiri. Malangizowa ndi a ophunzira zomangamanga, makontrakitala, komanso a m'makomiti a chitukuko amene amapatsidwa mapulani kuti avomereze asanawamvetse.

Kumene zinayambira

Njanji yoyamba ya m'mwamba ku New York inayesedwa mu 1868 pa msewu wa Greenwich Street, ndipo mwini nzeruyo anali Charles Harvey. Mabogi ake ankakokedwa ndi chingwe, chimene chinkavuta pafupipafupi, mpaka mu 1871 anasintha n'kuyamba kugwiritsa ntchito mitu ya sitima ya malasha. Chicago inatsegula yake mu 1892, ndipo mu 1897 inamaliza njanji yozungulira pakati pa mzinda, yotchedwa Loop. Siteshoni ya Quincy ya pa njanji imeneyi ikugwirabe ntchito mpaka lero. Ku Liverpool anatsegula yawo mu 1893, yoyendera magetsi kuchokera tsiku loyamba, ndipo Berlin inatsatira mu 1902.

Chimene chinawakopa onsewa ndi mtengo. Kuimika nsanamira n'kotchipa komanso kwachangu poyerekeza ndi kukumba njira pansi pa mzinda. Ngakhale njanji ya pansi pa nthaka ya ku New York, imene inatsegulidwa pa 27 October 1904, imatulukira kunja pamene nthaka yatsetsereka. Pa msewu wa 125th Street pali chigwa, ndiye injiniya wamkulu, William Barclay Parsons, m'malo motsitsa njanji n'kuikwezanso, anaiwolotsa pa mlatho wachitsulo wopindika ngati uta, utawo wa mamita pafupifupi 51 kuchokera tsidya lina kufika lina, siteshoni n'kukhala pamwamba pomwepo. Sitima imafuna njira yosalala, ndipo nthaka ikatsika, njanji siyenera kuilondola.

Yambani ndi funso ili: n'chiyani chidutse pansi?

Kutalika kwa siteshoni sikusankhidwa ndi maso. Kumachokera pa chinthu chimene mukuchipatsa njira. Siteshoni ya Smith–Ninth Streets ku Brooklyn mu mzinda wa New York, imene inatsegulidwa mu 1933, ili mamita pafupifupi 27 kuchokera pansi, chifukwa inayenera kusiyira malo zombo zazitali zodutsa mu ngalande ya Gowanus. Zombo zoterozo zinasiya kubwera, koma anthu akukwerabe mtunda wonsewo tsiku ndi tsiku.

Ngati pansi pakudutsa msewu, siyani mpata wa mamita 5.5 kuti lole yodzaza nzimbe kapena mabelo a thonje isagunde. Pamwamba pa mpatawo pamabwera mtanda wonyamula njanji. Kukula kwa mtanda, kuchokera kunsi kwake kufika pamwamba, kumakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 15 mpaka 20 a utali wake, kutanthauza kuti mtanda wa mamita 30 udya mita imodzi ndi theka kapena awiri. Onjezani masentimita 70 a silabu, miyala ndi njanji yeniyeniyo, kenako pafupifupi mita imodzi ya pulatifomu. Mukaphatikiza mupeza kuti wokwera sitima waima mamita pafupifupi 9 kuchokera pa msewu. Masiteshoni ambiri a ku New York ali ndi chipinda chogulitsira matikiti pakati pa msewu ndi njanji, ndipo chimenecho chimawonjezera mamita atatu kapena anayi.

Ngati chodutsa pansi ndi madzi, muyezo wanu ndi pamene madzi anafika pa chigumula chachikulu kuposa zonse. M'chigwa muno zizindikiro zilipo zambiri: madzi a January 2015, a namondwe wa Idai mu March 2019, a Ana mu January 2022 ndi a Freddy mu March 2023. Pitani pamalopo ndi akuluakulu a m'mudzi akulozereni pa khoma la sukulu, pa tchalitchi kapena pa mlambe, ndipo mufunse anthu angapo paokhapaokha. Muyeze zizindikirozo ndi makina a levulo, n'kutenga chapamwamba kwambiri. Kuchokera pamenepo siyani mpata wina wosachepera mita imodzi kufika kunsi kwa mtanda. Mpata umenewu si wa madzi ayi. Ndi wa mitengo yozulidwa, madenga a nyumba ndi namasupuni, zimene zimayandama pamwamba. Zikakodwa pa mtanda zimasanduka damu, ndipo mphamvu yonse ya mtsinje imakankha mlatho cham'mbali, kumene ndi kofooka.

Kumbukiraninso kuti sitima siikwera chitunda ngati minibasi pa Thabwa. Sitima za mumzinda zimatha kukwera mamita atatu kapena anayi pa mamita 100 alionse, chifukwa mabogi ambiri ali ndi injini zawozawo, njira imene Frank Sprague anaiyambitsa ku Chicago cha m'ma 1897. Sitima ya katundu yokokedwa ndi mutu umodzi imafuna mita imodzi yokha pa mamita 100, kapena kucheperapo. Mukakweza njanji ndi mamita anayi, mwadzipatsa ntchito ya mamita 400 mbali iyi ndi ena 400 mbali inayo. Pa siteshoni penipeni njanji ikhale yosatsetsereka n'komwe, kuopa kuti bogi yosiyidwa ingayambe kuyenda yokha.

Nsanamira kapena mtumbira wa dothi

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene ndalama zimanyenga anthu. Kuunjika dothi n'kulitsendera n'kotchipa kwambiri kuposa kuimika nsanamira za konkire, ndiye pulani iliyonse yofuna kupulumutsa ndalama imathamangira kumeneko. Pamtunda wouma palibe vuto. Koma mtumbira wautali wodutsa pakati pa dambo ndi damu, ngakhale palibe amene anautchula choncho. Madzi amaunjikana mbali imodzi, n'kumiza midzi imene kale sinkamira, kenako amapeza pofooka kapena kusefukira pamwamba. Akangodutsa pamwamba amayamba kukokolola dothi kumbali yotsikira, ndipo m'maola ochepa njanji imatsala ikulendewera m'malere.

Mbiri ya njanji yathu ikuchitira umboni. Njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo malo ovuta chiyambire ndi pa Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire kunsi kwa dambo la Elephant Marsh. Mlatho wa pamenepo unakokoloka mu 1948. Mu 1997 madzi anang'amba mtumbira pakati pa Bangula ndi Chiromo, sitima yochokera ku Limbe n'kumathera pa Makhanga, mpaka madzi a 2015 anawononganso mbali imeneyo. Yerekezani ndi mlatho wa Dona Ana pa Zambezi ku Mozambique, umene unatsegulidwa mu 1935. Ndi wotalika makilomita oposa atatu ndi theka chifukwa omanga ake anavomereza kuti mtsinje ukadzaza umafuna malo onsewo.

Makalavati amathandiza pa timitsinje ting'onoting'ono, koma musawadalire pa dambo lalikulu. Amatsekeka ndi mchenga ndi zinyalala pa ola lomwe akufunika. Njira yabwino n'kusakaniza: mtumbira pamene nthaka ndi yokwera, nsanamira pamene madzi amayenda. Kuti mudziwe malire ake, musayang'ane pamene mtsinje uli lero pokha. Ruo ndi Mwanza amasintha njira, ndipo makwawa akale amaoneka bwino pa zithunzi za setilaiti. Siteshoni yeniyeniyo musaiike pakhwawa. Ikhale chakumapeto kwa nsanamira, kufupi ndi mtunda, kuti okwera athe kuifika ngakhale madzi atadzaza.

Maziko

Musakumbe dzenje ndi limodzi lomwe nthaka isanapimidwe. Pamafunika kuboola pa malo a nsanamira iliyonse, kapena iliyonse yachiwiri, n'kutumiza dothilo kukayezedwa. M'chigwa muno mukumana ndi adani awiri.

Woyamba ndi makande, dothi lakuda lija la ku Ngabu ndi madera ozungulira. Likanyowa limafufuma, likauma limang'aluka mpaka phazi kulowa. Kusunthaku kumachitika m'mamita awiri kapena atatu apamwamba, ndipo maziko osaya amakwera ndi kutsika nalo chaka ndi chaka. Nyumba imangochita ming'alu, koma njanji ikapendekeka ndi masentimita ochepa chabe sitima iyenera kuchepetsa liwiro. Wachiwiri ndi mchenga ndi matope zimene mtsinje unasiya, zofewa mpaka pansi patali. Mankhwala a onse awiri ndi amodzi: zipilala za konkire zolowa pansi, zoboola ndi makina, zonenepa masentimita 60 mpaka 120, zofika pa nthaka yolimba. Zimamangidwa m'magulu, zinayi kapena zisanu ndi chimodzi, n'kuzilumikiza pamwamba ndi chimwala cha konkire chimene nsanamira imaimapo.

Madzi othamanga akagunda nsanamira amazungulira n'kukumba dzenje patsinde pake. Dzenjelo limatha kuzama kuwirikiza kawiri kunenepa kwa nsanamirayo, mwinanso kuposerapo ngati pakodwa mitengo. Choipa chake n'chakuti madzi akamaphwa amalikwiriranso ndi mchenga wofewa, ndiye wobwera kudzayendera mu June saona kanthu. Powerengera kutalika kwa zipilala, dothi lonse limene lingakokoloke mulitenge ngati kulibe. Nsanamira zikhale zobulungira, chifukwa madzi a m'dambo sabwerera mbali imodzi, ndipo patsinde muyalepo miyala ikuluikulu kapena yomangidwa m'mawaya.

Konkire yake si ya 1:2:4 (muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala) yoyezera pa wilibala. Imafunika ya mphamvu ya C30 (nambala yosonyeza kulimba kwa konkire) kapena kuposerapo, ndipo madzi asapitirire malita 22 pa thumba la simenti la makilogalamu 50, kuwerengera ndi chinyezi chimene chili kale mu mchenga. Anyamata osakaniza amakonda kuwonjezera madzi kuti konkire iziyenda mosavuta, ndipo woyang'anira akatembenuka amathiradi. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje imatulutsa madzi amchere, ndipo amenewo asayandikire konkire, chifukwa mchere umadya zitsulo za m'kati mwakachetechete. Pakati pa chitsulo ndi kunja kwa konkire pakhale mamilimita 50. M'miyezi ya October ndi November, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, thirani konkire m'bandakucha kapena madzulo, muifunditse ndi masaka onyowa kwa masiku osachepera 7, ndipo zidutswa zoyeserera zikaphwanyidwe pa makina pa tsiku la 7 ndi la 28.

Mitanda imapuma

Chitsulo ndi konkire zimatalika zikatenthedwa, pafupifupi mamilimita 0.012 pa mita iliyonse pa digiri iliyonse. Chitsulo chokhala padzuwa la ku Nsanje chimatha kufika madigiri 60, pamene m'mawa wa June chimatsika kufika cha m'ma 15. Kusiyana kwa madigiri 45 pa mtanda wa mamita 30 kukupatsani mamilimita 16. Pa siteshoni ya mamita 200, zonse pamodzi zikuposa masentimita 10. Mtanda ukasowa kotambasukira umaswa mutu wa nsanamira. N'chifukwa chake sukhazikidwa pa konkire mwachindunji, koma pa mapilo a labala okhala ndi timapepala tachitsulo m'kati, mbali imodzi yogwidwa, ina yomasuka, ndipo pakati pa mitanda iwiri pamasiyidwa mpata. Siyani malo oikapo jeke pamutu pa nsanamira, poti mapilowa amatha ndipo adzafunika kusintha. Chigwa chino chilinso m'dera la zivomezi, mng'alu waukulu wa nthaka ukutsata tsinde la mapiri a Thyolo, ndiye mutu wa nsanamira ukhale wotakata ndipo m'mbali mwa mtanda mukhale zotchinga za konkire kuti usaterereke n'kugwa.

Chimene chimapha masiteshoni amenewa

Si kulemera kwa sitima. Ndi madzi a mvula amene asowa kolowera. Njanji ya ku Liverpool ija, ya makilomita pafupifupi 11, imene anthu ankaitcha ambulera ya ogwira ntchito padoko, inakhazikidwa pa malata achitsulo okhuthala. Utsi ndi nthunzi za sitima za malasha zodutsa pansi zinkasakanikirana ndi mvula, ngalande zake n'kumatsekeka ndi fumbi, dzimbiri n'kudya malatawo. Atapima anapeza kuti kukonza kufuna mapaundi 2 miliyoni, ndalama zimene kampaniyo inalibe, ndipo mu December 1956 njanjiyo inatsekedwa. Ku Smith–Ninth Streets zitsulo zinakutidwa ndi konkire, koma madzi analowabe, dzimbiri linafufuma n'kumaswa konkireyo, mpaka siteshoni inatsekedwa kuyambira 2011 kufika 2013 kuti ikonzedwe.

Choncho tsatirani dontho la mvula pa pulani, kuchokera pa denga mpaka pansi, ndipo paliponse pamene mwalitaya pali vuto. Denga la mamita 100 m'litali ndi 5 m'lifupi, pa mvula yamkuntho ya mamilimita 100 pa ola, limatsitsa malita pafupifupi 14 pa sekondi iliyonse. Mapaipi otsitsa madzi akhale pa nsanamira iliyonse, oonekera kunja, osati okwiriridwa mu konkire, kuti akatsekeka munthu athe kuwatokosa. Asathire madzi pa mapilo a labala kapena patsinde pa nsanamira. Pamwamba pa silabu, pansi pa miyala ya njanji, payalidwe phula kapena chinsalu chosalowa madzi. Malo amene amayamba kudontha nthawi zonse ndi pa mipata ya pakati pa mitanda, ndiye mipatayo ichepe mmene mungathere, ndipo kunsi kwa uliwonse kukhale kangalande kolandira madzi.

Njanji zakale za ku New York zinalibe silabu. Matabwa ogonekapo njanji ankagona pa zitsulo mwachindunji, ndipo n'chifukwa chake zinkasokosa kwambiri, kudonthetsera mafuta pa anthu ndi kuchititsa mdima mu msewu. Eni nyumba anadandaula mpaka ya pa Ninth Avenue inatsekedwa mu 1940, ya pa Third Avenue ku Manhattan mu 1955. Silabu ya konkire yokhala ndi miyala pamwamba imalemera, koma imameza phokoso ndipo siigwetsa mabawuti pamutu pa anthu.

Pulatifomu ndi pokwerera

Pali mitundu iwiri: pulatifomu imodzi pakati pa njanji ziwiri, kapena mapulatifomu awiri m'mbali. Ya pakati imafuna masitepe ochepa ndi denga limodzi, koma imakakamiza njanji kupatukana zisanafike pa siteshoni. Pa njanji imodzi ngati yathu, ya mpata wa mamilimita 1,067, pulatifomu imodzi ya m'mbali ndi yokwanira. Utali wake muwerengere mamita 20 pa bogi iliyonse, n'kuwonjezera 10. M'lifupi isachepere mamita atatu, ndipo pasakhale mzati kapena benchi pa mamita awiri oyandikana ndi njanji. Ipendekeke pang'ono, sentimita imodzi pa masentimita 50, chothawa njanji, kuti madzi kapena njinga ya olumala zisatsetserekere ku sitima. M'mphepete muikemo mzere wa timabampu womveka ku phazi ndi ku ndodo, wa masentimita 60, wothandiza osaona. Siteshoni isakhale pokhota, chifukwa pamenepo mpata wa pakati pa bogi ndi pulatifomu umakula mpaka mwana kugweramo.

Pali china chimene mabuku a ku Ulaya sangakuuzeni. Madzi akadzaza, malo okwera ndi ouma ngati amenewa adzadzaza ndi anthu, mbuzi, njinga ndi matumba a chimanga, kaya malamulo akuloleza kapena ayi. Ndi bwino kumangiratu ndi maganizo amenewo. Silabu iwerengeredwe makilogalamu osachepera 500 pa sikweya mita iliyonse, kampanda ka m'mbali kakhale kotalika mita imodzi ndi masentimita 10, mipata yake yosapitirira masentimita 10, ndipo thanki ya madzi ndi zimbudzi zikhale pamwamba pomwepo.

Sitepe iliyonse ikwere masentimita 15 mpaka 17, popondapo pakhale 28 mpaka 30, ndipo onse afanane ndendende, chifukwa phazi limazolowera ndipo sitepe imodzi yosiyana ndi imene imagwetsa anthu. Pakatha masitepe 12 pakhale popumira. Mamita anayi ndi masitepe 24, mamita 9 ndi oposa 50, ndipo apa muganizire mayi wobereka mwana amene wasenza dengu la nsomba zouma. Potulukira pakhale pawiri, kumapeto onse.

Masiteshoni akale aja anamangidwa osaganizira olumala. Quincy inalandira zikepe mu 2018, patatha zaka zoposa 120. Kuno chikepe chokha si chodalirika: chimafuna magetsi osathima ndi zipangizo zochokera kunja, ndipo tonse tikukumbukira mdima umene unatsatira Ana atawononga Kapichira. Mangani njira yotsetsereka. Ikwere mita imodzi pa mamita 12 alionse, ndi popumira pa mita imodzi ndi theka pakatha mamita 9. Kukwera mamita anayi kufuna njira ya mamita pafupifupi 55. Mukakhala ndi malo, mita imodzi pa mamita 20 ndiye yabwino kwa wa kabaza wokankha njinga yonyamula matumba. Utali umenewu ndi chifukwa chinanso chosakwezera siteshoni kuposa mmene madzi akufunira.

Denga likhale lalitali, mamita atatu ndi theka kapena kuposerapo, m'mbali mosatseka kuti mphepo izipita, malata ake owala. Mphepo yamkuntho imanyamula denga lotseguka kuchokera pansi, ndiye malata agwidwe ndi mabawuti okolowekedwa ku zitsulo, osati misomali.

Kunsi kwa siteshoni

Mthunzi m'chigwa muno ndi chuma, ndipo pasanathe mwezi kunsiko kudzakhala msika. Palibe chifukwa choletsera, koma gwirizanani ndi mafumu ndi komiti ya msika ntchito isanathe. Mabenchi ochotseka alibe vuto. Makoma a njerwa pakati pa nsanamira ndi amene ayenera kukanidwa, chifukwa amatseka njira imene mwalipira ndalama zambiri kuti ikhale yotseguka. Mbaula ndi moto wokazingira tchipisi zikhale kutali ndi nsanamira, poti kutentha kumasupula konkire. Okumba mchenga asayandikire maziko.

Kuyendera kukhale kawiri pachaka. Mu October, mvula isanayambe, tokosani mapaipi ndi ngalande zonse, chotsani zisa ndi dothi pa mapilo a labala, ndipo paliponse pamene penti yasupuka pa chitsulo palani n'kupakanso. Madzi akangoyamba kuphwa, cha mu March kapena April, pitani ndi bwato pa nsanamira iliyonse, mubaye pansi ndi chitsulo chachitali mbali zonse zinayi, n'kulemba m'buku pamene chaimira. Mzere wofiirira wa dzimbiri pa konkire, kapena malo olira ngati ng'oma mukagogoda ndi hamala, akutanthauza kuti chitsulo cha m'kati chayamba kudyeka. Pamenepo gobani mpaka kuseri kwa chitsulocho, muchipale mpaka chiwale, n'kumata ndi simenti yokonzera, osati pulasitala wamba.